Ulendo wa ku Soweto ndi ku Newtown: zomwe ana athu sanazipeze m'buku

A Tcheya anandipempha kuti ndilembe lipoti la ulendo wathu wa Loweruka lapitali, kuti amene sanathe kubwera, makamaka amayi omwe mabwana awo sanawamasule, amve momwe tinayendera. Ndachedwa nalo masiku anayi, mundikhululukire. Ndinkafuna kungolemba za ndalama ndi nthawi, koma zimene zinachitika ku Newtown masana aja zakana kukwana m'mizere iwiri.

Tinalipo anthu 29, akuluakulu 12 ndi ana 17. Wamng'ono kwambiri ali Giredi 4, wamkulu akulemba matriki, mayeso omaliza sekondale kuno, chaka chino. Tinapangana kunyamuka pa tchalitchi ku Rosettenville 7 koloko, koma tinanyamuka 8 itadutsa kale chifukwa taxi yachiwiri inachedwa, ndipo itafika panalinso kudikira poto wa mpunga. Kuzizira kwa Juni kuno ku Joni mukukudziwa, ana anakwera atafunda mabulangete ngati akupita ku maliro.

Kwa amene mwalowa m'gulu posachedwa, ndifotokoze kaye chomwe chinabala ulendowu. Pa msonkhano wa Meyi, mayi wina wa ku Nkhotakota anatiuza kuti mwana wake wa Giredi 7 anabwera kusukulu ali ndwii. Kalasi yonse inauzidwa kuti aliyense atchule ngwazi ya kwawo. Iye anatchula Mandela, anzake n'kumuseka kuti Mandela si wanu, inu ndi makwerekwere (dzina lonyoza anthu obwera), tchula wakwanu. Atafika kunyumba anafunsa amake kuti wathu ndani. Amake anati Chilembwe. Mwana uja anafunsanso kuti anachita chiyani, ndipo mayiwo, mwa kuvomera kwawo, anangoyankha kuti ali pa ndalama. Tinaseka tonse tsiku limenelo, koma kunali kuseka kwa manyazi, chifukwa ambiri a ife tikanayankha chimodzimodzi.

Malo oyamba anali myuziyamu ya Hector Pieterson ku Orlando West, yomwe inatsegulidwa mu 2002 pafupi ndi pomwe mnyamatayo anawomberedwa. Apa ndinene mosabisa kuti ana ndi amene anatiphunzitsa ife. Tisanalowe n'komwe, mtsikana wina wa Giredi 9 anali atayamba kale kufotokozera amake za chithunzi chachikulu chili panja chija: kuti anajambula ndi Sam Nzima pa 16 Juni 1976, kuti wonyamula mwanayo ndi Mbuyisa Makhubo, ndipo mtsikana wothamanga pambali, dzanja lili m'mwamba, ndi Antoinette, mchemwali wake wa Hector. Anadziwanso kuti chinautsa mapiri pachigwa ndi lamulo la 1974 lokakamiza kuti m'sukulu za anthu akuda maphunziro ena aziphunzitsidwa m'chiyankhulo cha Mabunu, Afrikaans, chimene ana ambiri ngakhale aphunzitsi awo sankachidziwa bwino. Anatchula Tsietsi Mashinini wa pa sukulu ya Morris Isaacson ngati akutchula mnzake wa m'kalasi. Ine ndinaphunzitsako pulayimale ku Dedza zaka zisanu ndi ziwiri ndisanabwere kudzasoka zovala kuno, koma dzina limenelo ndinalimva koyamba tsiku limenelo.

Chinthu chimodzi chinandigwira mtima pa lamulo lija. Maphunziro amene anawaika m'Chibunu anali masamu ndi phunziro la za chikhalidwe cha anthu, momwe munalinso mbiri. Tangoganizani, mwana wa ku Soweto amve za makolo ake kuchokera m'buku lolembedwa ndi amene anawalanda malo, m'chiyankhulo cha wolandayo.

M'kati mwa nyumbayo muli bwalo lopanda denga momwe anamwazamo njerwa zolembedwa mayina a anthu amene anafa pa zipolowe zija. Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi 176, ngakhale ena amati anafa ambiri kuposa pamenepo. Ana athu, amene m'taxi ankalimbirana foni, anangoti zii. Kamtsikana ka Giredi 4 kanayamba kuwerenga mayinawo mokweza, limodzilimodzi, mpaka amake anakagwira paphewa.

Mkangano unabuka titatuluka, tikuotha dzuwa pakhoma. Bambo wina amene amagwira ntchito ya ulonda ku Sandton anati iye waona zonsezi ndipo zamumvetsa chisoni, koma mwana wake sadzatenga History. Anakumbutsa zimene tinali titangowerenga m'katimo za Hendrik Verwoerd, mwini lamulo la Bantu Education la 1953, amene ankati kuphunzitsa mwana wakuda masamu n'kutaya nthawi popeza sadzawagwiritsa ntchito. "Ndiye ngati Mbunu ankatibisira masamu," anatero bamboyo, "ine mwana wanga ndimukankhira ku masamu komweko. Mbiri sadyera nsima." Ena anawomba m'manja. Mayi busa anayankha modekha kuti Verwoerd sanabise masamu okha, anabisanso chifukwa chomwe ankawabisira, ndipo kuti bamboyo akudziwa chifukwacho lero kaamba koti wina anasunga mbiri. Palibe anagonja. Ine ndinakhala chete, ndipo chifukwa chake ndichinena kutsogoloku.

Funso lolemera linachokera kwa mnyamata wa matriki. Anandifunsa m'Chichewa chake chothyokathyoka, chosakaniza ndi Chizulu, kuti: "Anti, nthawi imene ana awa amafa, Malawi amapanga chani?" Anati mnzake wina kusukulu anamuuza kuti dziko lathu linali mbali ya Mabunu. Akuluakulu tinayang'anana. Yankho lake si lokoma. Malawi anakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho mu 1967, pamene mayiko ena a anthu akuda ankalisala. Kamuzu anabwera kuno pa ulendo wa boma mu 1971, ndipo ngongole ya ku South Africa inathandiza kumanga likulu la Lilongwe. Ndinamuuza zimenezi monga zilili. Ndinamuuzanso kuti ife kusukulu sitinaziphunzire choncho. M'zaka za m'ma 1980 tinkaloweza kuti Ngwazi inayenda pansi kubwera kuno, inaphwanya chitaganya, inabweretsa ufulu mu 1964. Mayina a Henry Chipembere, Kanyama Chiume ndi Orton Chirwa sankatchulidwa m'kalasi, ndipo mphunzitsi wowatchula ankadziwa kuti wadziputira mavuto. Rose Chibambo ambiri a msinkhu wanga tinamudziwa nkhope yake itaikidwa pa K200. Kunena kwina, nafenso tinakula ndi buku lodulidwa masamba, kungoti wodulayo anali wakuda mnzathu.

Mnyamatayo sanakhutire, ndinaona pankhope. Koma ndinaona kuti bola amve kwa ife kusiyana n'kuti azikamva kwa omutonza.

Ku Vilakazi Street tinangodutsa. Tinaona nyumba ya Mandela, nambala 8115, ndi ya Desmond Tutu chakumunsi, ana anajambulitsa, ena anagula kota, buledi woikamo tchipisi ndi zina, ngakhale tinali ndi mpunga ndi nkhuku zathu. Alendo anali mbwee, ndipo nthawi inali itatithera. Tinadyera m'taxi tikubwerera m'tauni.

Ganizo lopita ku Workers' Museum ku Newtown silinali pa pulogalamu yoyamba. Analibweretsa ndi a msungichuma, amene anati n'kufupi ndi njira yobwerera kwathu. Ambiri tadutsapo kambirimbiri pafupi ndi Mary Fitzgerald Square osadziwa kuti kuseri kwake kuli malo otere. Ndi komboni yeniyeni, yomangidwa mu 1913, momwe khonsolo ya mzindawu inkasungamo amuna akuda oposa 300 ogwira ntchito zake, ndipo anthu ankagonamobe mpaka m'ma 1980. Muli zipinda zazitali zokhala ndi mabedi a simenti ondondozana ngati mashelefu, zimbudzi zopanda zitseko, ndi kachipinda kotsekeramo wolakwa. Chapafupi pali nyumba zomwe munkakhala azungu ogwira ntchito pamalo omwewo, zokhala ndi khonde ndi zipinda zake.

Pa ulendowu tinali ndi agogo aja a ku Ntcheu amene amakhala kwa mwana wawo ku Turffontein, omwe anabwera chaka chatha kudzalandira chithandizo cha chifuwa. Tsiku lonse sanalankhule zambiri. Ku Soweto anakhala pabenchi, akuti miyendo. Titalowa m'chipinda chogona chija anaima pakhomo nthawi yaitali, kenaka anapereka ndodo yawo kwa mdzukulu wawo, n'kupita pa bedi la simenti, kuligwiragwira ndi chikhatho. Anati, "Langa linali lachitatu kuchokera kukhomo." Mdzukuluyo, mtsikana wa Giredi 8, anaseka poganiza kuti agogo akucheza. Anamuuza kuti ayi, osati pano penipeni, pano panali pa a khonsolo, koma ku mgodi komwe iwo anali mabedi ake anali omwewa.

Ndiye anayamba. Ndilemba monga ndikukumbukira, ndipo amene munalipo mundikonze.

Anati analembetsa ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya kuno, mu 1972 ali ndi zaka 20, chifukwa msonkho unkafunika ndipo ankafuna njinga ndi malata. Anakwera ndege koyamba m'moyo wawo ku Chileka, kukatera ku Francistown, kuchoka apo pa sitima mpaka kuno. Atafika anawavula zovala onse pamzere, kuwayeza thupi, kuwadinda zala, n'kuwapatsa nambala yovala pamkono. "Dzina langa linatsala pa geti," anatero. Asanatsike pansi anawalowetsa m'chipinda chotentha ngati uvuni, kukwera ndi kutsika pa chithunthu maola angapo, kuti aone ngati thupi lipirira kutentha kwa pansi pa nthaka. Anafotokoza za mbaula ya malasha pakati pa chipinda, za maheu, za nduna ya komboni, za chiyankhulo cha Fanakalo chimene ankalankhula ndi akapitawo. Anati anthu ankagonekedwa potsata mitundu, Anyasa kwaokha, Amashangani kwaokha, Abasotho kwaokha, ndipo ndewu ikabuka pakati pawo bwana sankadandaula kwenikweni. Gawo lina la malipiro sankalilandira kuno, linkakawadikira kumudzi kontrakiti ikatha.

Kenaka anafika pa 4 Epulo 1974. Tsiku limenelo ndege ya Wenela yopita ku Blantyre inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo atamaliza kontrakiti anafera pomwepo. Agogowo anati m'ndegemo munali mnyamata wa mudzi woyandikana ndi wawo, amene anali atamupatsira kalata ndi nsalu ya amayi awo. Kamuzu analetsa Wenela kulembanso anthu, ndipo Amalawi oposa 100,000 amene anali m'migodi ya kuno anabwerera m'zaka ziwiri zotsatira. Iwo anabwerera nawo. Kulemba kutayambiranso pansi pa Theba, bungwe lolowa m'malo mwa Wenela, anabweranso, mpaka 1988 pamene Amalawi anabwezedwa pa mkangano wa kuyeza magazi. Zimene anapita nazo kumudzi ndi wailesi, makina osokera, ndi chifuwa chimene chawabweretsanso kuno atakalamba.

Pamene amamaliza, anthu ena amene sitinabwere nawo anali ataima kumbuyo kwathu kumvetsera, ngakhale sankamva Chichewa. Mdzukulu uja anali akulira mwakachetechete. Atapukuta misozi ananena mawu amene ndi chifukwa chake lipoti ili latalika. Anati teremu yapitayi anaphunzira za golide wa ku Witwatersrand, za makomboni ndi za anthu ochoka kutali kudzagwira ntchito m'migodi, analemba mayeso, anakhoza bwino. Koma sanaganizepo ngakhale kamodzi kuti nkhaniyo ndi ya munthu amene amagona naye nyumba imodzi, amene amamutenthetsera madzi m'mawa uliwonse. Anafunsa, "Agogo, bwanji simunandiuze?" Agogowo anayankha kuti, "Unandifunsa liti?"

Apa mpamene ndinaona pomwe pali mpata. Sindinganene kuti sukulu za kuno siziphunzitsa mbiri ya anthu akuda, lingakhale bodza. Mwana wa Giredi 6 amaphunzira za Mapungubwe, ufumu wa ku Limpopo kumene kunapezeka chipembere chagolide. Wa Giredi 7 amaphunzira za Mali ndi Timbuktu komanso za malonda a akapolo. Wa Giredi 9 amafika pa Sharpeville ndi Soweto. Poyerekeza ndi zomwe makolo a anzawo ankaphunzira nthawi ya Bantu Education, kusintha kwake n'kwakukulu. Koma buku limalembedwa poganizira mwana wa dziko lino, ndipo wathu akaliwerenga amadziona ngati mlendo woonerera gule wa eni mudzi. Akamva za wogwira ntchito wochoka kutali, palibe amene amamuuza kuti ameneyo ndi agogo ako. Kumudzi nakonso ndi chimodzimodzi. Tinaphunzira za Amaravi ndi Kalonga, za David Livingstone, za Chilembwe ndi kuukira kwa 1915 ku Chiradzulu, za 3 Malichi 1959. Koma za matchona, amene pafupifupi banja lililonse lili naye mmodzi, ine sindinaphunzitsepo mwana aliyense ku Dedza. Nkhani imeneyo inagwera pakati pa mayiko awiri, lililonse likuyesa kuti ndi ya linzake.

Chonsecho mbiriyo timayenda nayo m'kamwa. Tili m'bwalo la komboni lija ndinawafunsa ana kuti mawu oti komboni, amene kwathu timatchulira malo okhala anthu osauka m'tauni, akuganiza kuti anachokera kuti. Nanga Joni, nanga mgodi, nanga mtchona, munthu amene anapita osabwerera ngati dzuwa lolowa? Anayamba kupikisana kupeza ena. Agogo aja, amene ndi Mngoni, anawonjezera kuti nawonso makolo awo anachokera kuno komwe: gulu la Zwangendaba linawoloka Zambezi mu 1835, tsiku la kadamsana, ndipo a Maseko, eni Ntcheu, anadzera njira yawo. Mnyamata uja wa Giredi 7, mwini nkhani ya ngwazi, anafunsa ngati zikutanthauza kuti iyeyo angakhale pachibale ndi amene amamutcha kwerekwere. Amake anati iwo ndi Achewa a ku Nkhotakota, asadzikometse. Tinaseka mpaka mlonda anasuzumira.

A msungichuma ndi amene anamupatsa mnyamatayo dzina loti apite nalo kusukulu. Anafunsa kuti ndani amamudziwa Clements Kadalie. Mwa akuluakulu 12 anakweza manja awiri, mwa ana palibe. Munthuyu anabadwira ku Chifira, kufupi ndi Bandawe ku Nkhata Bay, anaphunzira ku Livingstonia, ndipo mu 1919 anayambitsa ku Cape Town bungwe la anthu apantchito la ICU, limene pofika 1927 linali ndi mamembala pafupifupi 100,000, kuposa bungwe lina lililonse la anthu akuda m'dziko lino panthawiyo. Likulu lake linadzasamukira kuno ku Joni. Anamwalira ku East London mu 1951. Mtonga wa m'mbali mwa nyanja, akutsogolera Azulu ndi Axhosa kumenyera malipiro, zaka zambiri Mandela asanadziwike. Mnyamatayo analemba dzinalo pachikhatho ndi bolopeni ya mayi busa, n'kufunsa kawiri kalembedwe kake.

Tsopano chifukwa chomwe ndinakhalira chete ku Soweto. Kuno History imaphunzitsidwa pamodzi ndi Geography kuyambira Giredi 4 mpaka 9, ndipo kuchokera Giredi 10 mwana amasankha kuitenga kapena kuisiya. Komiti imene nduna ya maphunziro ya nthawi imeneyo, Angie Motshekga, inakhazikitsa inapereka lipoti mu 2018 lolangiza kuti phunziroli likhale lokakamiza mpaka matriki ndiponso kuti lizitsamira kwambiri pa Africa, koma pamene mwana wanga wamkazi akusankha maphunziro a chaka chamawa, likadali losankha. Fomu yake ili pamwamba pa firiji sabata yachitatu tsopano. Iye akufuna History. Ine, mphunzitsi wakale, ndinamuuza kuti atenge Accounting, ndipo mawu amene ndinagwiritsa ntchito sakusiyana ndi a bambo wa ulonda aja. Ndimasoka madiresi mpaka usiku kuti iye asadzagwire singano, ndipo mantha amenewo sanathe chifukwa cha ulendo umodzi. Pobwerera anakhala pambali panga m'taxi osanena kanthu za fomuyo, ine osanenanso. Sitinasainebe.

Pa zimene tinagwirizana tili m'njira, a Tcheya anati zilembedwe kuti tisadzakane. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, ikatha kwaya, ana azikhala ola limodzi ndi wamkulu mmodzi wa m'gulu, kumufunsa za moyo wake, m'Chichewa. Oyamba ndi agogo a ku Ntcheu, ndipo mnyamata wa matriki wavomera kujambula mawu awo pa foni, mwana wawo akalola. Mayi wina amene ali ndi mchimwene wake wophunzitsa sekondale ku Zomba alankhula naye kuti atitumizire mabuku a History a Fomu 1 mpaka 4 pa basi. Bambo wa ulonda anati iye abweretsa mwana wake, koma pokhapokha ngati ola lina likhale la masamu, ndipo palibe anatsutsa. Panalinso pempho loti wina wodziwa mapepala athandize banja la agogowo kufufuza za Tshiamiso Trust, yomwe imalipira anthu amene anadwala chifuwa cha fumbi m'migodi ya golide. A msungichuma atenga zimenezo.

Za ndalama: akuluakulu anasonkha R200 aliyense, ana R80, zonse pamodzi R3,760. Mataxi awiri anadya R2,600, zolowera pakhomo ndi zakumwa R970. Yatsala R190, ili kwa a msungichuma. Poto wamkulu wa mpunga anatsala m'taxi yachiwiri ndipo dalaivala akuti abweretsa Lamulungu. Mwini wake adikire pa geti mapemphero akatha.